Zimene Zimatsala M'poto

9 Januwale

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kutauniko? Ife kuno tili bwino pang'ono, kungoti mvula yatitopetsa. Zovala sizikuuma, ndipo msewu wa kutsogolo kwa sitolo yanga wasanduka matope okhaokha. Amayi akupereka moni. Miyendo ikuwavutabe koma pakamwa pali bwinobwino, akutilamulira tonse ali pampando.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wathu wakhandayu. Tikumutchabe Adona, poti akangolira nyumba yonse imaimirira. Mukudziwa kuti mlamu wanu anadwala atangobereka, mawere n'kuuma, ndiye mwana ali pa mkaka wa m'chitini. Sabata yathayi watsekula m'mimba, thewera pa thewera, mpaka mayi ake kumalira naye limodzi. Kuchipatala chaching'ono anatipatsa timapaketi tosungunula m'madzi, akuti zisiya zokha.

Pempho langa nali. Mkaka wa ana wasowa m'masitolo onse kuno chifukwa magalimoto sakufika bwino. Mutigulireko kumeneko, mupatsire dalaivala wa basi ya m'mawa, uja wa chipewa chofiira. Ine sindingachoke pasitolo. Ino ndiyo nyengo imene alimi akufuna feteleza, ukatseka tsiku limodzi makasitomala onse athawira kwa mnzako.

Mutiyankhe msanga, ndipo mutiuze ngati ana a sukulu sanakumalizeni mawu.

Ndine mlongo wanu.

14 Januwale

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa alamu anga. Kalata yako yandipeza ndikuchonga mayeso, ndipo chiwerengereni sindinachongenso pepala ngakhale limodzi. Ndikakhala pansi ndikuimirira, ndikaimirira ndikupita pawindo. Pansi pa chipinda changa owotcherera zitsulo akugogoda ngati akukhoma m'mutu mwanga momwe.

Zitini ndapatsira dalaivala uja. Koma mkaka wokha suchiritsa mwana. Madzi osungunulira mkakawo mukutunga kuti? Ngati ndi pachitsime cha malemu bambo kuseri kwa nyumba, dziwani kuti nthawi ya mvula chonchi zonyansa za pamwamba zimatsikira momwemo, ndipo tizilombo totsekula m'mimba timabwera nazo.

Wiritsani madziwo mpaka abwadamuke. Botolo ndi kansonga kake muziwiritsanso. Ndikunena kuwiritsa, osati kungofunditsa monga amachitira amayi pofuna kusunga makala. Uwawerengere ndime imeneyi mokweza, ukamaliza ubwerezenso.

Ndikanabwera ndekha kudzaona mwana, koma ahedi akuti palibe mphunzitsi wa sayansi wina woti agwire makalasi anga. Uzindilembera chilichonse, ngakhale chimene ukuchiona ngati chachabechabe.

Ndine chemwali wako.

27 Januwale

Alamu,

Landirani moni wanga. Ndine mlamu wanu, mayi wa Adona. Achimwene anu atanganidwa kusitolo, ndiye ndati ndilembe ndine. Pepani zolemba zanga, mwana ali pamwendo.

Mkaka unafika, zikomo kwambiri. Kutsekula m'mimba kunasiyiratu titangoyamba kuwiritsa madzi. Ntchito imeneyi ailanda apongozi anga, safuna wina aliyense akhudze. Amadzaza poto wamkulu uja, n'kukhala pambali pa mbaula kumuyang'anira. Ndikati, "Amayi, awira," amayankha kuti, "Mwana wanga wophunzira uja anati abwadamuke, iwe ukudziwa chiyani?" Amaphula madzi atatsala theka, nthawi zina kuchepera apo. Khitchini yonse imachita kudontha thukuta.

Koma mtima wanga sukukhazikika. Adona sakuliranso ngati kale. Amangogona, ukamudzutsa kuti amwe amamwa pang'ono n'kutopa, kupuma kwake kumachita befu. Milomo yake yada ngati wayamwa inki, ndi tizikhadabo tomwe. Apongozi akuti ndi khungu likukhwima, atengera agogo ake aamuna amene anali akuda bii. Achimwene anu akuti tithokoze kuti tayamba kugona tulo. Mwina ndine wamantha chabe, poti ndi mwana woyamba.

Achimwene anu musawaone choncho, ali pa mavuto. Mvula ya kumayambiriro kwa mwezi inagwetsa khoma la shedi ya kuseri, mmene amasungamo feteleza. Matumba a pansi onse ananyowa n'kusungunuka, madzi oyera mbee kumayenderera pabwalo kutsikira cha kuchitsime. Anakwirira ndi dothi m'mawa mwake anthu asanaone. Anandiletsa kuuza munthu, akuti alimi akamva aziti katundu yense ndi wonyowa. Ndakuuzani kuti mumvetse akamayankha mwaukali. Chonde musawafunse.

Mukapeza tizovala ta mwana totentha mutitumizireko, mwina ndi kuzizira.

Ndine mlamu wanu.

1 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni ndipereka tsiku lina. Ukangowerenga kalata ino siya chilichonse chimene wagwira. Madzi a pachitsime asalowenso m'botolo la Adona, owiritsa kapena osawiritsa. Kagule madzi a pa mpopi wa kumsika, ndipo mwana apite kuchipatala chachikulu lero lomwe.

Ndamva kuti feteleza anasungunuka pafupi ndi chitsime. Usafunse amene wandiuza. Ndathamangira kwa mnansi wanga, namwino wa ku wodi ya ana, ndipo nditamufotokozera za milomo ndi zikhadabo anasiya kusita n'kundiyang'ana. Akuti feteleza akalowa m'thupi mwa khanda amasintha magazi, magaziwo n'kumalephera kunyamula mpweya. Mwana amaoneka ngati wagona mwamtendere pamene akubanika pang'onopang'ono.

Ndikudziwa uti, "Si mumati tiziwiritsa?" Inde ndinatero, ndipo pa tizilombo ndinanena zoona. Koma mvetsa apa. Madzi akamawira sasanduka chinthu china. Amangosintha maonekedwe. Nthunzi ija ndi madzi omwewo, ukaitchinga ndi chivundikiro imabwerera kukhala madontho. Tizilombo timafa chifukwa ndi tamoyo, kutentha kumaphika matupi ake monga kumaphikira dzira, ndipo dzira likapsa silibwereranso kukhala laliwisi. Kumeneko ndiko kusintha kwenikweni. Feteleza si wamoyo. Safa, sapsa, sauluka ndi nthunzi. Madzi akauluka theka, iye amatsala yense m'theka lotsalalo. Ndiye amayi akamawiritsa nthawi yaitali, akumuwirikiza mphamvu m'botolo la mwana, osadziwa.

Phunziro limeneli ndaliphunzitsa dzana lomweli pa bolodi, ana n'kumayasamula.

Ndapempha ahedi kuti ndichoke, akuti oyendera sukulu akubwera, ndikasuntha ndisabwererenso. Ndili pakati pa moto ndi madzi. Ndiyankhe ndi basi yobwerera.

Chemwali wako.

12 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Kalata yanu yafika dzulo. Mlatho unakokoloka, basi inaima masiku ambiri, ndipo kalatayo inali m'thumba la dalaivala nthawi yonseyi.

Ndaiwerenga ndipo ndakhumudwa. Mwezi watha munati wiritsani. Tinawiritsa, mwana n'kuchira. Lero mukuti kuwiritsa ndi kumene kukumupha. Tigwire ziti? Madzi omwewo ndikumwa ine, akumwa amayi, akumwa mzere wonse wa nyumba zathu kuno. Wagwa ndani? Ndipo mukuti moto suchotsa kanthu m'madzi. Bwerani mudzaone pansi pa ketulo yathu, pachita chikhungwa choyera chokhuthala. Nanga chimenecho si zoipa zimene moto wakoka m'madzi? Amayi andionetsa okha.

Amene anakuuzani za shedi ndamudziwa, palibe chovuta pamenepo. M'nyumba muno sitikulankhulana. Mundiuze, mukufuna anthu amve kuti ine ndathira poizoni pachitsime chimene akutungapo ulele? Mawa lake ndani adzaponda pakhomo pa sitolo yanga? Katundu wina wandionongekera kale, wotsalayo ndiye chakudya cha nyumba ino.

Ndinene chimene chili kumtima. Chimwalirireni bambo mwakhala mukunena kuti tigulitse malo ano amayi abwere kutauni. Ndinakana. Tsopano mwapeza njira ina, yakuti chitsime chimene bambo anakumba ndi manja awo chikhale chodetsedwa, ife tinyansidwe ndi malo athu. Sukulu munapita ndinu, ine ndinatsala kuno kusamala makolo, koma si ndiye kuti mutu wanga ndi wa nkhuku.

Mwana akugona bwino. Mlatho ukakonzedwa ndidzapita naye kusikelo ndekha, ntchito ikachepa.

Mkaka watsala chitini chimodzi. Ngati mwakwiya musatumize, tiona chochita.

Mlongo wanu.

15 Febuluwale

Alamu anga,

Kalata ino ndapatsira mayi wogulitsa nsalu amene akubwera kumsika kwanuko, ndamuuza aipereke m'manja mwanu basi. Pepani kuti ndakuyatsirani moto m'banja. Za malo ndi zina zonse tidzakangana mwana ali moyo.

Chikhungwa cha m'ketulo chisakunyengeni. Chimenecho ndi laimu wa m'miyala ya pansi, iye ndi amene amasintha ndi kutentha n'kumatirira pachitsulo. Feteleza satero, khalidwe lake ndi la mchere. Ndiye chitani ichi amayi akuona. Thirani supuni ya mchere m'kapu ziwiri za madzi, mulawe nonse. Wiritsani mpaka atsale pang'ono, n'kuvundikira kumapeto. Mulawe madontho a pa chivundikiro, kenaka mulawe otsala m'poto. Musawafotokozere kanthu, lilime lawo liwauza.

Mukatero nyamulani mwana. Musadikire chilolezo cha munthu. Kuchipatala mukanene mawu awiri okha: chitsime ndi feteleza.

Sindikudya, sindikugona, ana m'kalasi akundifunsa ngati ndikudwala. Dzulo ndinafika mpaka padepoti ndi chikwama, ndinabwerera basi itadzaza. Mundidziwitse mwa njira iliyonse.

Mlamu wanu.

18 Febuluwale

Alamu,

Ndikulemba ndili pabenchi ya mu wodi ya ana kuchipatala chachikulu. Adona ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mupume.

Mayi wa nsalu anandipatsa kalata dzulo m'mawa. Ndinachita monga munanenera. Apongozi anandiyang'ana ndikuthira mchere, n'kuti, "Makala otaya muli nawo ambiri eti?" Koma analawa. Madzi atatsala pang'ono ndinawapatsa chivundikiro. Ananyambita dontho, n'kuti, "Awa ndi madzi chabe." Ndinawatungira a m'poto pasupuni. Atangoika pakamwa analavula.

"Iwe, wathiramonso mchere wina?"

"Ayi amayi, munali pomwepa."

Anayang'ana m'potomo. Kenaka anatembenukira poto wawo wamkulu uja, amene anali pambaula ina, madzi a mwana akuwira momwemo. Anamuphula okha, osagwiritsa ngakhale kansalu, n'kukakhuthula pabwalo. Pobwerera anangoti, "Bereka mwana."

Miyendo yovuta ija, alamu, ndinachita kuwathamangira. Podutsa pasitolo anaima pakhomo, makasitomala ali tho, n'kuuza mwana wawo kuti, "Tikupita kuchipatala. Ukatha kugulitsa utipeza." Achimwene anuwo anangotsegula pakamwa, ndalama za munthu zili m'manja. Sanatitsatire.

Pamlatho tinatsika basi n'kuwoloka wapansi pa matabwa, tsidya linalo tinakwera lole. Mwana anali lende kumsana, ndinkangomugwira phazi kuti ndimve ngati likutenthabe.

Namwino atamutenga magazi anaitana adokotala mofuula. Magaziwo sanali ofiira, anali abulawuni ngati chokoleti. Anamuika chompatsa mpweya pamphuno koma milomo sinasinthe. Adokotala anafunsa kuti, "Madzi mumatunga kuti?" Ndinanena mawu anu awiri aja. Sanafunsenso zambiri, anatumiza munthu kukatenga mankhwala ena abuluu ngati inki, n'kuwalowetsa mumtsempha wa padzanja. Tinangokhala kumuyang'ana. Pang'onopang'ono lilime linayamba kufiira, kenaka milomo. Kenaka analira, kulira kwake kuja kogwedeza nyumba. Apongozi anakhala pansi pa simenti n'kudziphimba kumaso.

Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Akuti akuluakulu matupi awo amalimbana nazo, amene amagwa msanga ndi makanda omwa za m'botolo. Anafunsanso ngati pali ena otunga pachitsimepo. Ndinati mzere wonse. Anati auzidwe msanga, ndipo atumiza anthu kudzayeza madziwo.

Apongozi abwerera kunyumba lero kukatenga zovala. Zikhatho zawo zatuluka matuza, awamanga. Sakudya, akungoti, "Ndimamuphikira ndine." Muwalembere, ine mawu andithera. Achimwene anu sanabwerebe.

Ndine mlamu wanu.

21 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndamva kuti mwana wapulumuka, ndipo ndalira mu ofesi ya aphunzitsi anthu akuona. Uwauze amayi kuti mawu oti abwadamuke anachokera kwa ine, iwo anangomvera. Asadzizunze.

Za kugulitsa malo sindiyankha, ukudziwa wekha kuti si zoona. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china. Pachitsime paja anthu akutungabe? Mu mzere wanu muli makanda angati? Sindikuwadziwa, ukuwadziwa ndiwe, amayi awo amakupatsa moni m'mawa uliwonse.

Oyendera sukulu apita. Loweruka ndikubwera. Ndikadzapeza chingwe chidakali pachitsime ndidzayenda ndekha khomo ndi khomo, ndipo sindidzabisa kumene feteleza anachokera. Ukadane nane ngati ukufuna. Ndinakubereka kumsana iwe, ndingapirire.

Chemwali wako.

24 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Kalata yanu yafika lero, koma yapeza ntchito itachitika kale. Khomo ndi khomo ndayenda ndine.

Amayi atafika kuchokera kuchipatala sanandikalipire. Bola akanatero. Anakhala pampando wawo, manja ali m'mabandeji, n'kundiuza mtundu wa magazi a mwana wanga. Atatha anati ndiwathandize kumasula mpango, poti zala sizikugwira.

M'mawa mwake ndikutuluka kuti ndikatsekule sitolo, ndinaona mkazi wa kalipentala ali pachitsime, khanda lili kumsana, ndowa ikukwera. Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Ndinamulanda chingwe, ndowa n'kubwerera pansi phuu. Mayiyo anakuwa, ankaganiza kuti ndapenga. Mwamuna wake anatuluka ndi nyundo m'manja, anthu n'kuyamba kusonkhana.

"Chavuta n'chiyani, achimwene? Madzi mwayamba kugulitsa?"

Ndikanatha kunena kuti mwagwera galu. Bodzalo linafika pakamwa ndithu. Koma ndinati, "Feteleza wanga analowa m'chitsime mwezi watha. Ndinakwirira osakuuzani. Mwana wanga ali kuchipatala chifukwa cha madzi amenewa."

Mayi wina anati, "Ife timawiritsa." Ndinamuuza kuti ifenso timawiritsa, kuposa wina aliyense, ndipo ndi mmene zinaipira. Ndinafotokoza za mchere ndi chivundikiro, mosokonezasokoneza, osati monga mukanafotokozera inu.

Kalipentala anandigwira pakhosi pa malaya n'kundikankhira kukhoma. "Mwezi wathunthu ukutiona tikutunga, iwe uli duu?" Anandisiya mkazi wake atamasula mwana n'kumutsegula kukamwa pamaso pa tonse. Lilime linali lofiira. Mwayi wake ngwakuti amayamwa bere. Ngakhale zili choncho anapita naye kukapimitsa tsiku lomwelo.

Nyumba zotsalazo ndinagogoda ndekha. Ena anathokoza, ena anatseka chitseko ndisanamalize. Chingwe ndachotsa, pachitsime ndavundikira malata n'kutsindika ndi miyala. Oyeza madzi anabwera dzulo, atenga m'mabotolo. Akuti mwina chitsimecho chidzayera mvula ikatha, mwina ayi. Pakadali pano m'mawa uliwonse ndikukatunga kumpopi wa kumsika pa njinga, ndikumasiya zigubu pamakomo a anthu ndisanatsekule sitolo. Kalipentala salankhula nane, koma chigubu amalowetsa. Kusitolo kwazizira. Alimi ambiri apita kwa mnzanga wa tsidya la msewu, ndimawaona akudutsa ndi matumba pamapewa.

Kuchipatala ndinapita tsiku lomwelo nditamaliza kugogoda. Ndinaima pakhomo pa wodi, osalowa. Namwino anafunsa kuti, "Bambo awa akufuna ndani?" Mlamu wanu anadzuka, n'kubwera, n'kundiika mwana m'manja, iye kubwerera pabenchi. Adona anandiyang'ana, n'kukwinya nkhope, n'kundikodzera. Mkodzo wobiriwira, achemwali, chifukwa cha mankhwala aja. Wodi yonse inafa ndi kuseka, ine ndili chilili ndi malaya othimbirira, misozi ikutsika.

Adona atuluka m'chipatala dzana. Akumwa ngati akulipidwa, ndipo usiku sitikugonanso.

Mawu amene ndinalemba a malo aja, ndikanakonda kalatayo mukanaitaya. Loweruka bwerani ndithu, ndikakuchingamirani pamlatho ndi njinga. Amayi akuti mubwere ndi mafuta opaka pa zilonda za moto. Ine ndikupempha zigubu zokhala ndi zitsekero, zambiri momwe dalaivala angalolere. Zimene ndili nazo sizikukwanira mzere wonse, ndipo nyumba ya kumapeto ikulandira madzi dzuwa litakwera kale.

Ndine mlongo wanu.